BaChidwi ndi Kabauti Kotsala

Mukatsika minibasi pa Mpanshya n'kufunsa kwa baDonald Mwalembe, anthu amangoyang'anana ngati mwafunsa munthu wa ku Kitwe. Koma tangonenani kuti mukufuna baChidwi, ndiye ngakhale mbuzi yomangidwa pamsika ikulozerani njira ndi ndevu zake.

Dzinali silinabadwire kuno. Makolo a baDonald ankalankhula Chisoli chawo bwinobwino, osavutitsa munthu. Mawu akuti chidwi anabwera ndi mphunzitsi wina wa ku Katete, amene analemba pa lipoti la giredi folo kuti, "Mwanayu ali ndi chidwi kwambiri." Atate awo atauzidwa kuti ndiye kuti mwana amakonda kudziwa zinthu, ananyadira mpaka kupha tambala. Sabata isanathe anapeza wailesi yawo ili pamphasa, matumbo onse panja, mwana ali jijirijijiri kufunafuna anthu amene amaimba m'katimo. Tambala uja anafera chabe, ndipo dzina linakakamira kuyambira tsiku limenelo.

Tsono pano timvetsetsane, chifukwa anthu amasakaniza zinthu. Chidwi si nkhuli. Wankhuli akadya nyama amapukuta pakamwa n'kukagona. Si chibaba ayi, pakuti wachibaba akakoka fodya kawiri katatu mtima umakhala pansi. Komanso si kulowerera za eni, monga amachitira baPeggy, mlamu wawo wa baDonald, mng'ono wa akazi awo, amene amadziwa kuti munthu ndi woyembekezera mwiniwake asanadziwe. Chidwi n'china. Chimakugwira m'maso, osati m'mimba, ndipo ukachidyetsa m'pamene chimamva njala. Mphunzitsi uja ankati mawuwa anachokera pa kuyang'ana chinthu dwii, osaphethira. Kaya n'zoona kaya ankangopeka, ine sukulu sindinafike nayo kumeneko. Koma amene anaonapo baDonald ataima pafupi ndi chigayo, maso dwii, kukamwa yasa, kalilime katasuzumira kumanzere, ntchentche ikulowa n'kutuluka ngati m'nyumba mwake, sangatsutse.

BaDonald ndi mlimi, ndipo mlimi weniweni. Nkhokwe yawo sinaonekepo pansi. Mowa samwa, mpira alibe nawo ntchito. Vuto lawo ndi limodzi basi: chinthu chilichonse chokhala ndi chivundikiro chimawaitana ndi dzina. Anatsegulapo tochi ya akatekisiti, sikelo ya ogula mtedza, ndi kiyibodi ya kwaya. Zina zinachira, tinene chilungamo. Mjigo wa m'mudzi mwathu ukanafa kalekale pakanapanda iwo. Koma chochira ndi chakufa chomwe, akamaliza kutseka, pamphasa pamatsala kanthu, kaya kabauti, kaya kanati, kaya kasipuling'i. Iwo amakatola, n'kukaponya m'chitini chakale cha mkaka wa ufa, n'kunena mosatekeseka kuti, "Opanga amaika zambiri dala, kuti chinthu chizilemera." Kiyibodi ija imaimbabe mpaka lero, kungoti pali batani limodzi limene limalira ngati nkhanga, ndipo woyimba amalilumpha. Ukawadzudzula baDonald amangoti, "Safunsa anadya phula, mwana wanga."

Chinthu chimodzi chokha padziko lino chinali choletsedwa kwa iwo: makina osokera a baEstina, akazi awo.

BaEstina ndi a ku Shikabeta, mayi wochepa thupi, wochepa mawu, koma akanena anena. Makinawo ndi aja akuda opalasa ndi mapazi, okhala ndi chivundikiro chathabwa chokhoma ndi kiyi, ndipo anali a malemu amayi awo. BaEstina ali mwana ankagona masana pansi pa makinawa amayi awo akusoka. Amayiwo atamwalira, makina anabwera ku Mpanshya pangolo, atakulungidwa m'bulangete ngati wodwala. Atangowatsitsa, baEstina anaona nkhope ya amuna awo: maso dwii, kalilime kumanzere. Sanachedwe. Sabata yomweyo anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

"Atate ake Thelma anatsegula wotchi yathu yaukwati, ine ndinakhala chete," anatero baEstina. "Anamasula simbi ya makala, kaya ankafunamo chiyani, ndinakhala chete. Koma tsiku limene adzatsegule makina awa, ngolo imene yawabweretsa idzatitenga tonse awiri, ine ndi makina, kubwerera ku Shikabeta. Ndanena pamaso panu."

BaDonald analumbira, dzanja pachifuwa. Kiyi anamangidwa pakachingwe n'kulowa m'khosi mwa baEstina, pamodzi ndi kolona.

Zaka zisanu ndi zitatu munthu anapirira, ndipo musaganize kuti zinali zophweka. Ankakhala pakhonde akusema mpini, khutu lili m'nyumba. Makinawo ankalira mofewa, tiki-tiki-tiki, ndipo iwo ankangodzifunsa kuti, kodi ulusi wapamwamba umakumana bwanji ndi wapansi? Amaupatsa moni ndani m'katimo? Funso limeneli linawaondetsa kuposa malungo.

Ndiye tsiku lina m'mawa foni inalira kuti amalume a baEstina atisiya ku Shikabeta. BaEstina anasamba mofulumira, n'kuthamangira galimoto, ana ali pambuyo. Kachingwe ka kiyi kanatsala pamsomali kubafa. BaDonald, amene anatsala kuti aziyang'anira ng'ombe, anakapeza akupita kukasamba, ndipo tsiku limenelo sanasambe.

Tsiku loyamba anathawira kumunda n'kukapalira mizere yopalirapalira kale. Lachiwiri anaika kiyi mumtondo n'kuvundikira ndi mwala. Lachitatu anadziuza kuti angochotsa chivundikiro n'kupukuta fumbi, basi, pakuti fumbi ndi mdani wa makina. Pamene dzuwa linkafika pamutu, makina anali pamphasa m'zidutswa makumi anayi ndi ziwiri, ndipo m'boma lonse la Rufunsa munalibe munthu wosangalala ngati baDonald. Anaona ndi maso awo kambedza kozungulira kamene kamakola ulusi wapamwamba n'kuudutsitsa kuseri kwa wapansi. Anaseka okha, anaomba m'manja okha. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Anamanga zonse mosamala. Atamaliza anayang'ana pamphasa. Kabauti kamodzi, kakang'ono ngati njere ya mapira, kanali phee kakuwayang'ana.

Apa mawu aja akuti opanga amaika zambiri dala sanatuluke. Anatuluka ndi thukuta. Anati atsegulenso, koma galu anauwa kumsewu, ndipo atasuzumira anaona chitenje cha baEstina chikubwera patali. Anakhoma chivundikiro, anabweza kiyi pamsomali, n'kukulunga kabauti kaja m'kapepala. Kameneka sanakasakanize ndi tinzake. Anakaika pansi penipeni pa chitini, chitinicho n'kuchibisa pansi pa nkhokwe.

Kuyambira pamenepo makina anasintha mawu. Tiki-tiki uja anatha, panabwera ke-ke-ke, ngati nkhalamba ya chifuwa, ndipo chopondera chinayamba kulemera. BaEstina anathira mafuta, anasintha lamba, anasintha singano, koma ayi ndithu. Pomaliza anangoti, "Akukalamba ngati mwiniwake," n'kumapalasa mwamphamvu. Kiyi sanamuiwalenso ngakhale tsiku limodzi. Zaka khumi ndi chimodzi anasoka mayunifolomu a ana asukulu, madiresi a amayi a kutchalitchi ndi zigamba za theka la Mpanshya. Ndipo zaka zonsezo, ke-ke-ke akangoyamba, baDonald ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ng'ombe sizinamwe madzi. Ng'ombe zathu kuno palibe zimene zinamwa madzi ngati zimenezo.

Choipa chitsata mwini. Chaka chatha Thelma, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, anapeza banja ndi Daliso, mphunzitsi wa ku Rufunsa. Anzake anamuuza kuti akabwereke diresi ku Lusaka monga amachitira onse. Thelma anakana. Anati iye adzalowa m'tchalitchi atavala diresi losokedwa ndi amayi ake pamakina a agogo ake, apo ayi adzalowa ndi chitenje. Ukwati unali Loweruka. Lachiwiri masana, diresi lili theka, mikono ili payokha, makina anati ke-ke-ke, kho! Gudumu linaima osasunthanso.

Lachitatu m'mawa baPeggy anaitanitsa baDennis, wokonza makina wa ku boma, amene anabwera ndi minibasi yoyamba atanyamula chikwama cha zitsulo. BaDonald anaima pakhomo, manja kumbuyo, pakuti lamulo la panyumbapo linali lakuti makina akatsegulidwa iwo asadutse pamenepo. BaDennis anasuzumira m'kati, anaimba kaluzi, n'kupukusa mutu.

"Apa panali kabauti," anatero. "Kanachoka kalekale, onani mmene chitsulochi chadyekera. Amayi, inu mwakhala mukupalasa bwanji zaka zonsezi? Apatu mumakoka ngolo ndi mwendo."

"Ikanipo kena," anatero Thelma.

BaDennis anakhuthula chikwama chonse. Kena kanakula, kena kanachepa, kena kanalowa n'kugwa. "Mtundu uwu anasiya kupanga ine ndisanabadwe. Mwina ku Lusaka, mutafufuza sabata yathunthu, kaya."

BaPeggy anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana kukhomo. "Alamu, inu mwangoti zii bwanji lero? Masiku onse pakakhala zitsulo mumalankhula ngati wailesi."

"Peggy, tseka pakamwa," anatero baEstina. "Atate ake Thelma ali ndi zolakwa zawo, ndipo ndi zambiri, koma analumbira pamaso pa ankhoswe. Zaka zonsezi makina awa sanawakhudzepo. Kiyi ndi uyu m'khosi mwangamu." Kenako mawu anasweka. "Ndine. Kayenera kuti kanagwa ndikuthira mafuta, ine n'kukasesera kudzala ndi manja angawa. Chinthu chimodzi chimene amayi anandisiyira, ndalephera kuchisunga. Ndiye lero mwana wanga akwatiwe ndi diresi lopanda mikono?"

BaEstina analira. Pamaliro a amalume awo sanalire chonchi.

BaDonald anabwerera chambuyo n'kupita kunkhokwe. Anatulutsa chitini, anakhuthula tibauti ta zaka makumi anayi, n'kupeza kapepala kaja katasanduka kofiira. Anachita mantha, tisabise. Akanena, ngolo ibwera, ndipo baEstina si munthu wobweza mawu. Akapanda kunena, diresi palibe. Kenako Satana, amene sasowa pamalo otere, anawanong'oneza nzeru: lowa m'nyumba, kagwetse kuseri kwa kabati, kenako ufuule kuti taonani, ndakapeza! Diresi lisokedwa, banja likhala, ndipo udzatchedwa ngwazi.

Nzeruyo inali yabwino ndithu. Anafika nayo mpaka pakhonde. Koma atamva baEstina akufwenthera m'kati, anazindikira kuti akatero, mayiyu adzapita kumanda akukhulupirira kuti anataya yekha chinthu cha amayi ake. Analowa, anadutsa pakhomo poletsedwa paja, anagwada pakati pa nyumba bambo wa imvi, n'kutambasula dzanja.

"Amake Thelma, simunasese kanthu inu. Ndi aka."

"Mayo ine!" anakuwa baPeggy. "Sindinanene? Ine ndikanunkhiza chinthu sindiphonya!"

BaEstina sanakuwe. Anayang'ana kabauti, anayang'ana mwamuna. "Liti?"

"Maliro a amalume. Munaiwala kiyi kubafa."

"Zaka khumi ndi chimodzi. Ndiye inu munkamva ke-ke-ke uja mukudziwa?"

"Ndinkamva."

"Ine n'kumati ndakalamba, mwendo wafooka." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo mawu awo anauma gwa. "Munatsegula wailesi, munatsegula tochi, munatsegula mjigo kuti mudziwe chimene chikuuvuta. Ine ndatsimphina pakhomo pano zaka zitatu, simunafunsepo n'kamodzi komwe kuti mwendowu watani. Chidwi chanu chimathera pa zitsulo. Peggy, kauze aneba athu baAlexander kuti ngolo yawo ndikuifuna Lolemba m'mawa. Ukwati wa mwana wanga uthe kaye."

BaDennis anatenga kabauti n'kukalowetsa. Kanalowa bwinobwino, koma gudumu linakanabe. Anayesa uku, anayesa uku, thukuta kamukamu. BaDonald, akadali chigwadire, anatsokomola.

"Kachitsulo ka kuseriko katembenuzeni. Ndikuganiza kuti ndinakabweza chozondoka."

"Dzukani apo," anatero baEstina. "Amene anamasula amange."

Abale, munthu anagwira ntchito! Zidutswa makumi anayi ndi ziwiri zija anali atazimanga m'mutu mwake tsiku lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chala sichinaphonye. BaDennis anangosanduka wogwirizira tochi. Atatseka, onse anayang'ana pamphasa, baPeggy mpaka anaikutumula. Panalibe chotsala. Kanali koyamba chibadwire chawo, ndipo baDonald eni ake anadabwa kuposa onse.

BaEstina anakhala pampando n'kuponda. Tiki-tiki-tiki-tiki. Anasiya, manja ali pansalu, maso atatseka. "Ndi mmene ankalirira amayi akamasoka," anatero motsitsa. "Ndinali nditaiwala."

Koma ntchito ya sabata inayenera kutha m'masiku awiri ndi theka, ndipo mwendo unakana. Atapalasa pang'ono, baEstina analuma mlomo n'kuima. Kenako analoza pansi pa makina.

"Mwendowu munautha ndinu. Lowani pansipo muzipalasa ndi manja."

Ndi mmene baChidwi, mlimi wolemekezeka, anapezekera atakhala pansi pa makina, miyendo tambalale, akukankha chopondera ndi zikhato ngati akukanda ufa wa zitumbuwa. BaPeggy anafalitsa nkhani mwachangu kuposa foni. Anthu amene anali asanabwerekepo mchere pakhomopo anabwera kudzabwereka mchere. Ena anabwera ndi mipando yawo. Kuchokera pamwamba kunkangomveka malamulo: "Fulumirani! Imani! Ndati imani, mukufuna ndisoke chala?" Koma iwo manyazi analibe. Kuchokera pansipo lamba ndi gudumu lalikulu zinkaoneka bwino kwambiri, ndipo masana onse a Lachitatu anali maso dwii, ngati munthu amene amupatsa mpando wakutsogolo.

Lachinayi masana baEstina anakweza chitenje pang'ono chifukwa cha kutentha. BaDonald anatembenuza mutu, ndipo patsogolo pa mphuno yawo panali bondo. Linali lotupa ngati dzungu laling'ono, lonyezimira, ndipo pambali panali zipsera za mphini zimene iwo sankadziwa n'komwe kuti zinatemedwa liti. Manja anaima okha. Makina anati zii.

"Mwagona pansipo?" anafunsa baEstina. Atasuzumira anapeza maso dwii, kukamwa yasa, kalilime kumanzere, zonsezo zitalunjika pa bondo lawo. "Inu! Limenelo si wailesi. Musayerekeze kulitsegula."

"Ayi, ndikungofuna kudziwa. Linayamba liti?"

"Palasani."

"Limapweteka mukamakwera chitunda kapena mukamatsika?"

"Ndati palasani."

Anapalasa. Patapita kanthawi mawu anatulukanso pansi paja. "Nanga m'mawa mukamadzuka limalira? Limatentha m'kati kapena kunja?"

"Ndikamatsika," anayankha baEstina, maso ali pa singano. "Ndipo kukazizira limakhala ngati muli mchenga."

"Mchenga? Mbali iti?"

Mafunso anapitirira mpaka diresi linatha Lachisanu dzuwa likupendeka. Thelma, amene ankasokerera mabatani pakhonde, akuti chibadwire anali asanamvepo amayi ake akulankhula nthawi yaitali chonchija.

Ukwati unayenda bwino. Diresi linakhala ngati anabadwa nalo, mikono yonse iwiri ilipo. Kiyibodi inalira ngati nkhanga kamodzi kokha. BaDonald anavina pang'ono, koma nyama sinawakomere, pakuti Lolemba linali kubwera ndipo baEstina anali asanabweze mawu.

Lolemba m'mawa ngolo ya baAlexander inaima pabwalo. BaEstina anatuluka atasamba, atavala chitenje chatsopano. Anapeza amuna awo atayala kale matiresi m'ngolomo, m'manja muli khadi la baEstina la kuchipatala ndi pepala lodzaza mbali zonse ziwiri.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Mafunso okafunsa adokotala. Alipo makumi awiri ndi atatu. Ngati mukupita ku Shikabeta, sindikukanizani, ndinalakwa ndine. Koma msewu uja ndi wa zitunda, ndipo bondolo limadana ndi kutsika. Tiyambe tadzera kuchipatala cha mishoni."

BaAlexander anafunsa ali pamwamba, chikwapu m'manja. "Amake Thelma, makina tikweze? Tikulowera kuti?"

BaEstina anakwera pang'onopang'ono, amuna awo atawagwira mkono. Anakonza chitenje, anayang'ana pepala lija nthawi yaitali.

"Makina asiyeni kaye. Tiyeni kuchipatala. Za ku Shikabeta tikaona adokotala akapulumuka mafunso awa."

Kachingwe ka kiyi kanali katatsala pamsomali kubafa, kakulendewera poyera. BaPeggy amalumbira mpaka lero kuti akulu awo anakasiya dala. BaDonald anadutsa pomwepo kawiri, koyamba kukatenga pilo, kachiwiri kukatenga ambulera, ndipo sanakaone.